Buluku Limene Linandikwana

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre amadziwa kuti akadutsa pa Lizulu, asanafike pa boma la Ntcheu, pali malo otchedwa Biriwiri. M'dera limeneli msewu ndiwo malire: mbali ina ndi Malawi, mbali inayo ndi boma la Tsangano m'dziko la Mozambique. Ine ndinakulira kumeneku, ndipo mpaka pamene ndinkamaliza Sitandade 8 ndinali ndisanavalepo buluku. Ngakhale m'mwezi wa Juni, pamene chisanu cha kwathu chimalowa mpaka m'mafupa, ndinkapita kusukulu nditavala kabudula, miyendo ili mbuu.

M'chaka cha 1994 ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Kalata ya kusukulu inatchula zinthu zofunika kutenga, ndipo chimodzi mwa izo chinali buluku lakuda. Bambo anali atatisiya zaka zitatu m'mbuyomo, kotero mtolo wonse unali pamutu pa mayi. Iwo anagulitsa matumba awiri a mbatata ya kachewere, namanga ndalamazo pakansalu, nandipatsa.

"Mwanawe, ndalama ndi zomwezi, zina palibe," anatero. "Uyambe wapita kwa atelala akakuyeze, kenaka ukagule buluku lakudalo."

Ndinavomera ndi pakamwa pokha, mtima uli kwina. Kuyambira m'chaka cha 1973 lamulo la kavalidwe linkaletsa akazi kuvala mabuluku pagulu, ndipo pambuyo pake amuna nawonso analetsedwa mabuluku otambalala kumapazi. Lamulolo linathetsedwa mu 1993, ndipo m'chaka chotsatiracho jinzi inali pakamwa pa wachinyamata aliyense, mnyamata ndi mtsikana yemwe. Ine ndinkadziona m'maganizo ndikutsika basi ku sekondale nditavala jinzi, kuti ana a m'tauni asadziwe kuti ndine wa kumudzi.

Tsiku la msika khonde la atelala ndinalilambalala, ndi kulunjika pa kaunjika. Belo linali litangotsegulidwa kumene, anthu ali piringupiringu. M'kati mwa muluwo dzanja langa linagwira jinzi yobiriwira, yansalu yokhuthala, yokhala ndi timisomali ta mkuwa m'makona a matumba. Kumbuyo kwake kunali kachikopa kolembedwa W32 L30. Zilembozo sindinazimvetse, koma kufunsa ndinachita nako manyazi.

Pa kaunjika panalibe poyesera chovala. Wogulitsayo anandionetsa njira imene ambiri amaidziwa: kugwira chiuno cha buluku uku ndi uku ndi kuchizunguliza pakhosi. Nsonga ziwirizo zikakumana kumbuyo kwa khosi, amati bulukulo ndi lako.

"Mwaona, achimwene? Zakumana. Inasokedwera inuyo imeneyi," anatero.

Ndinamasula kansalu kaja ndi kupereka ndalama zonse.

Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nditafika kunyumba ndinaivala jinzi ija kuseri kwa nkhokwe. M'chiuno inali yokhwepa moti popanda lamba ikanagwa, ndipo kumiyendo inalekeza pamwamba pa akakolo ngati ya munthu amene akuwoloka mtsinje. Khosi linali litandiuza za chiuno, mongoyerekeza, koma za kutalika kwa miyendo silinanene kanthu. Mlongo wanga ataniona anaseka mpaka kugwetsa mtondo. Mayi sanaseke, ndiponso sanakalipe. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nabwerera kukasonkhezera moto. Kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa chikoti, pakuti kunali kutatsala milungu iwiri kuti sukulu zitsegulidwe, ndipo ndinalibe buluku lakuda kapena ndalama.

M'mawa mwake mayi anakoka sutikesi imene inkakhala pansi pa bedi, imene sinatsegulidweko chichitikireni maliro. Anatulutsamo buluku lakuda lopindidwa bwino, limene bambo anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni.

"Tenga. Ulendo uno tipitira limodzi kwa atelala."

Atelalawo anali munthu wachikulire amene anawoloka msewu kuchokera ku Mozambique pa nthawi ya nkhondo, atasenza makina awo osokera. Nkhondoyo itatha mu 1992 iwo anakhalabe pakhonde lomwelo. Anayamba ndi jinzi ija. Anaitambasula pathebulo, naloza kachikopa kaja.

"Mnyamata iwe, nambala yoyambayi ndi ya chiuno, inayi ndi ya mwendo kuyambira pamphanda mpaka kumpendero. Zonse ndi mainchesi. Tsono iwe nambala zako ukuzidziwa?"

Ndinapukusa mutu. Anachotsa tepi imene inali pakhosi pawo, nandiyeza m'chiuno, m'matako, m'ntchafu ndi kutalika kwa mwendo, uku akulemba ndi choko pachitseko. Chiuno changa chinali mainchesi 30, mwendo 34. Jinziyo inali yokulirapo ndi mainchesi awiri m'chiuno ndi yoperewera ndi mainchesi anayi, ndiwo masentimita 10, kumiyendo.

"Chachikulu timachepetsa," anatero, "koma chachifupi sindingachitalikitse. Nsalu simera ngati chimanga."

Kenaka anatenga buluku la bambo, naliyeza. Anayang'ana mayi, nayang'ananso ine.

"Mayi, kumiyendoku sindigwirako. Mwanayu anatengera msinkhu wa bambo ake."

Mayi anatembenukira kumsewu ngati kuti akuona magalimoto. Ine ndinali nditakula ndikudana ndi miyendo yanga, chifukwa anzanga ankanditcha kakowa. Tsiku limenelo ndinadziwa kumene miyendoyo inachokera, ndipo sindinachitenso nayo manyazi.

Ntchito inali m'chiuno basi. Atelalawo anasomola msoko wakumbuyo, nauloweza m'kati, koma nsalu yotsalayo sanaidule. Anati ndikukula, ndipo tsiku lina idzafunika. Jinzi ija ndinagulitsa kwa msuweni wanga wamfupi pa theka la mtengo wake, ndipo ndalamazo ndizo zinalipira atelala. Theka linalo linapita ndi madzi. Pa tchuthi choyamba ndinalibweza polima maganyu m'madimba a kabichi.

Buluku la bambo ndinalivala zaka zinayi zonse za ku sekondale. Ndili Fomu 3 linayamba kuthina, ndipo atelala aja anangomasula nsalu imene anasiya ija.

Patapita zaka ndinawerenga mbiri ya jinzi, ndipo ndinadziseka. Chovalachi chinayambira m'manja mwa telala wina dzina lake Jacob Davis, wa mu mzinda wa Reno ku America, amene ankasokera mabuluku anthu ogwira ntchito zolemetsa. Poona kuti matumba ankang'ambika, iye anakhomera timisomali ta mkuwa m'makona mwake, ndipo mu 1873 iye pamodzi ndi Levi Strauss, wamalonda wa ku San Francisco, anapatsidwa chiphaso cha umwini wa lusolo. Tsono jinzi imene inandichititsa kunyoza khonde la atelala inali itabadwira kwa telala mnzawo.

Kaunjika watithandiza ambiri kubisa umphawi, ndipo sindingamunyoze. Koma zovala zake zinasokedwera anthu ena a kutali, ndipo nambala zolembedwapo sizifanana, pakuti dziko lina limawerenga mainchesi, lina lili ndi kawerengedwe kakekake. Ngakhale nambala ikhale yoona, chovala chimene chavalidwa ndi kuchapidwa zaka zambiri chimafutukuka kapena kufinyana. N'chifukwa chake mpaka lero popita kumsika ndimatenga tepi m'thumba, ndipo ndimayeza buluku lenilenilo, osati kukhulupirira kachikopa kake. Likakhala lalikulu pang'ono ndimagula, podziwa kuti telala alipo. Likakhala lalifupi ndimalisiya, ngakhale likongole chotani.

Inu ophunzira anzanga, safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndalama za matumba awiri a mbatata chifukwa chofuna kuoneka ngati munthu wina ndisanadziwe muyeso wanga. Buluku lakuda lija linathera m'mawondo, koma sindinalitaye. Lili mu sutikesi yomwe ija, ndipo mwana wanga wamwamuna, amene anzake ayamba kale kumutcha kakowa, amadziwa mwini wake woyamba.