Phokoso lomwe ndinalizimitsa ndekha ku Dar

Lero sindikufunsa za reti ya shilingi kapena za mzere wa pa boda. Ndikufuna ndiulule chopusa chomwe ndinachita ndekha, poti ndaona kuti ambiri tili ndi nthenda imodzi: galimoto ikamachita phokoso lomwe sitikulidziwa, timathamangira kulizimitsa m'malo mofunsa.

Ntchito yanga ndi yotulutsa magalimoto ku Dar es Salaam n'kukawasiya kwa eni ake. Ulendo uno ajenti anandipatsa chinthu chomwe ndinali ndisanagwirepo: motorhome, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi bafa m'kati. Inali yochokera ku America, chiongolero kumanzere, giya ya otomatiki, yomangidwa pa chasisi ya Ford. Eni ake, bambo ndi mayi achikulire oyenda moona maiko, anatsogola n'kumandidikirira ku Karonga.

Nditangotembenuza kiyi, injini ndisanalize, ndinamva kulira kutsogolo cha kumapazi kwanga, ngati makina ometera. Nyali yofiira inayaka pa dashibodi, kabelu nakonso kakulira. Ndikaliza injini, zonse zii. Ndikazimitsa n'kuponda buleki, kayambanso. Batire inali yofooka kale chifukwa chokhalitsa m'sitima, ndiye ndinati ichi ndicho chikudya moto. Ndinaitana mnyamata wa zamagetsi, tinasakasaka mpaka tinapeza fuzi yake, anaizula, phokoso linatha. Ndinamupatsa ya soda, fuzi ndinaiponya m'thumba la malaya, ulendo.

Chalinze, Morogoro, Mikumi, kukwera Kitonga, Iringa, Makambako, mabuleki akugwira ngati atsopano. Ndinkadziyamikira m'njira kuti ndine dolo.

Zinandichitikira ndikulowa mu Uyole, pafupi ndi mphambano yopatukira ku Malawi. Mafuta omwe anali m'thanki anali akale, ndipo injini inkatsokomola kuyambira m'mawa. Nditachotsa phazi pa mafuta kuti ndidutse hampu, inangozima. Kutsogolo kwanga kunali bajaji yodzaza azimayi ndi madengu. Ndinaponda buleki, amwene, ngati ndaponda mwala. Chiongolero nacho gwa. Ndinaimirira pa pedulo ndi mapazi onse awiri, msana nditatsamiritsa kumpando, chigalimoto chikungoyendabe pang'onopang'ono ngati ng'ombe yosamva chikwapu. Chinaima ndithu, koma pakati pa bampala yanga ndi bajaji sipakanadutsa munthu. Ndinkayenda liwiro la njinga yakapalasa. Pamenepa m'pamene pamandisowetsa tulo, chifukwa kuchoka pa Uyole msewu umakwera pang'ono kenako n'kuyamba kutsetsereka kudutsa Tukuyu mpaka ku Kasumulu, ndipo amene mumadutsako mukudziwa mmene makhotawo alili.

Anandithandiza ndi fundi wina wachikulire, yemwe anati anagwirapo mabasi achikasu a ku America aja. Atamva nkhani yanga anangotambasula dzanja.

"Fuzi ili kuti, mwanawe?"

Ndinaitulutsa m'thumba ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

Mmene anandifotokozera ndi momwe ndikufotokozerani. Galimoto zimenezi sizigwiritsa mphepo ngati mathiraki athu akuluakulu, komanso sizidalira vakyumu ngati magalimoto ang'onoang'ono ambiri. Mphamvu yothandiza phazi lanu imachokera ku pampu ya pawa sitelingi, yomwe imazunguliridwa ndi injini kudzera pa lamba. Chipangizo chake amachitcha Hydro-Max. Injini ikazima, lamba akaduka, kapena paipi ikaphulika, mphamvuyo yatha nthawi yomweyo. N'chifukwa chake pansi pa chipangizocho anamangirirapo kamota ka magetsi kokhala ndi pampu yakeyake. Pali kaswitchi komwe kamamva ngati mafuta akuyenda. Akasiya kuyenda, kamotako kamadzuka n'kutenga ntchito. Phokoso lomwe ndinalipha ku Dar linali la kamotako, kakundiuza kuti kali moyo.

Kuyesa kwake sikufuna sipanala, ndipo sikutha mphindi ziwiri. Imikani pamalo athyathyathya, mangani handibuleki, ikani miyala kumatayala. Injini ili yozima, kiyi ali m'thumba, pondani buleki. Muyenera kumva kamotako kakulira, ndipo pedulo iyenera kutsika mofewerako, osati kuuma gwa. Chotsani phazi, kasiye. Kenako tembenuzani kiyi osaliza injini: nyali yochenjeza iyake, kabelu kalire. Pa yomwe ndinali nayo kamota kankayamba pomwepo ngakhale osaponda, koma fundi anati mawaya amasiyana, zina zimadikira phazi. Tsopano lizani injini. Kamota kasiye, nyali izime, kabelu katonthole. Zikapitiriza injini ikulira, ndiye kuti mafuta a pawa sitelingi sakufika bwino kapena kaswitchi kaja kafa, ndipo galimotoyo isachoke pamalopo. Pomaliza pondani katatu, n'kugwiritsa phazi kwa masekondi 5. Pedulo ikamatsika yokha, penapake pakudontha.

Musakakamize kamotako kulira nthawi yaitali poyesa. Kamatentha, ndiponso kamakoka moto wambiri. Apa ndiye mnyamata wa ku Dar uja sananame kwenikweni, batire kamadyadi. Kulakwa kunali kwanga, wofuna mankhwala ndisanadziwe matenda.

Titabwezera fuzi, kanalira koma mozengereza. Fundi anapeza kuti waya wa efi wachita dzimbiri, mwina chifukwa cha mphepo ya mchere ya panyanja. Anapala ndi sandipepa, kumanga bwino, kanayamba kulira mwamphamvu. Anati kakakhala chete, yambani ndi zotchipa: fuzi, relay, efi, switchi ya pa pedulo. Mota yeniyeniyo muziikayikira pomaliza, poti kuipeza kuno si masewera.

Chinanso chomwe anandikokera khutu ndi mafuta. Pamenepo pali mitundu iwiri yoyandikana. Mu kathanki ka masita silinda mumalowa buleki fuludi, pomwe chipangizo chothandiziracho chimayendera mafuta a pawa sitelingi. Mukathira a sitelingi mu kathanki ka buleki, marabala onse amafufuma, mabuleki n'kutheratu. Enafe tinazolowera kutuma kondakitala kuti "tawonjezera mafuta apo" tili pa foni. Pa galimoto ngati iyi imani pomwepo, muone botolo ndi maso anu.

Ndipo musanamizike kuti kamotako n'kolowa m'malo mwa injini. Mphamvu yake ndi yochepa poyerekeza ndi ya masiku onse, chiongolero sikathandiza n'komwe, ndipo ntchito yake ndi yoti muime kamodzi bwinobwino. Nyali ikayaka muli pa msewu, patukani. Osati zoti ndikafike kaye pa boda asanatseke.

A mathiraki a mphepo mwina mukuti izi sizikukukhudzani. Inunso muli ndi kabelu ka mphepo ikachepa, ndipo ndakwerapo mathiraki angapo momwe kanadulidwa kalekale ati kamasokosa. A ma Canter ndi ma Dyna a vakyumu, yanu ndi iyi: injini ili yozima pondani kangapo mpaka pedulo iume, gwiritsani phazi, lizani injini. Pedulo ikatsika pang'ono, zili bwino.

Tsiku limenelo ndinagona pa Uyole. Tinakhetsa mafuta akale, kusintha fyuluta, ndipo ajenti anakalipa pa foni kuti ndachedwetsa galimoto ya anthu, ndalama ya fundi ndilipire ndekha. Ndinalipira. M'mawa ndinaponda buleki ndisanalowetse kiyi, ndinamva kulira kuja, n'kutsika Tukuyu pa giya yotsika, mabasi akundipitirira ndi mahutala.

Ku Karonga amene anayamba kukwera ndi mayi aja. Sanayang'ane bedi kapena mbale zawo ngati zasweka. Anakhala pa mpando wa dalaiva, kiyi akadali m'manja mwanga, anaponda buleki n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Kamota kanalira. Anandiyang'ana n'kukweza chala chachikulu. Za fuzi ndinawauza titamwa kale tiyi.