Galu anali wa mwana

Masiku ano ukamayenda m'makwalala a ku Chilomoni kapena ku Area 25, agalu umangowamva akuuwa kuseri kwa mipanda ya njerwa. Zoona kamnyamata kakupita kudimba galu ali pambuyo, mchira uli m'mwamba, zinatha mwakachetechete.

Kwathu ku Ntcheu, m'zaka za m'ma 1980, galu aliyense anali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ankakhala mwana. Wanga anandipatsa ndi amalume ndili sitandade 3. Anandiika kagaluko m'manja n'kunena kuti, "Mphwanga, kakaonda tidzafunsa iwe." Dzina anatcha agogo: Tilekeni. Amene ankajedwa ndi dzinalo ankadzidziwa okha tsidya lina la msewu.

Kuyambira tsikulo ntchito inali yanga. Tikatha kudya madzulo ndinkapala makoko mumphika, n'kuwaviika m'madzi pamodzi ndi mkute, kenako n'kuthira m'phale lake kuseri kwa nkhokwe. Ndinkaima pomwepo mpaka amalize, chifukwa nkhumba za eni zinalibe manyazi. Loweruka linali la nkhupakupa. Ndinkamupana pakati pa miyendo, kupinda khutu, n'kumazula imodziimodzi, zonenepa ngati nsatsi, n'kumaponya pamoto. Utitiri ukachuluka, agogo ankandituma kukathyola masamba a ombwe, ndisinje, ndikamusambitse kumtsinje. Nyengo ya mvula kunkabwera mphutsi za pakhungu, ndipo kuzifinya kunkafuna mtima, poti galu ankalira akukuyang'ana m'maso. Palibe ankati akutiphunzitsa udindo. Galu akagona ndi njala ankakalira pakhomo pa gowelo, mudzi wonse n'kudziwa mwana waulesi.

Mlandu wake unalinso wako. Tilekeni atagwira mwanapiye wa a Nangozo, amayi sanapite okha kukapepesa. Ananditsogoza, nditanyamula msoti wanga womwe ndinkauyembekeza kuti uyamba kuikira.

Tsiku lalikulu linali la katemera wa chiwewe. Amfumu ankalengeza kuti alangizi a ziweto afika, ndipo m'mawa anyamata tonse tinkandandalika kudibi la ng'ombe, aliyense ndi galu wake pa chingwe cha luzi. Kapepala ka katemera ndinkakasunga m'kope la masamu. Tinkaopa nthawi ija boma linkalamula kuti agalu amangidwe, oyendayenda aomberedwe. Sabata imeneyo ngakhale mpira tinkausiya.

Kenako madibi ambiri anauma, anthu tinakhamukira m'tauni, umbava unakula, ndipo galu anasanduka mlonda. Lero amagulidwa m'mbali mwa msewu, amatsekeredwa m'khola usana wonse, n'kumasulidwa ana atagona. Phala la madeya amaphika ndi wantchito. Mwana wa m'nyumbamo amaopa galu wa bambo ake omwe.

Zabwino ziliponso, sindikana. Kuyambira 2015 a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu ambirimbiri katemera wa chiwewe mumzinda wa Blantyre, ndipo ku Lilongwe a bungwe la LSPCA amathandiza ziweto zodwala, zomwe ife sitinkazilota. Agalu athu nthiti zinkawerengeka ndithu. Komabe ankadziwa mluzu wa mwini wawo ali kutsidya kwa dambo.

Mdzukulu wanga wakhala akupempha kagalu. Ndauza makolo ake kuti ndimupezera kumudzi, ka mtundu wathu womwewu, pokhapokha atavomera kuti mbale yake azitsuka ndi mwanayo, ndipo tsiku la katemera akajombe masewera n'kukagwira chingwe yekha.