Tebulo la Nowruz ndi mbale za ku Kashan

Ndakhala chete nthawi yayitali, kuchonga mayeso kunandipanikiza. Chandidzutsa lero ndi chithunzi chimene mmodzi mwa ana anga akale, yemwe tsopano ali ku Britain, wanditumizira. Anaitanidwa kunyumba kwa anzake a ku Iran, ndipo anajambula tebulo lawo la chaka chatsopano n'kulemba kuti, "Aphunzitsi, izi mukuzidziwa?" Sindinkazidziwa. Ndakhala ndikuwerenga sabata yonse.

Ku Iran chaka chimayamba pa 20 kapena 21 Malichi, pamene usana ndi usiku zilingana. Chikondwererocho amachitcha Nowruz, kutanthauza tsiku latsopano, ndipo mu 2009 bungwe la UNESCO linachiika m'kaundula wa miyambo ya dziko lapansi. Banja lililonse limayala tebulo lotchedwa haft-sin, pomwe pamakhala zinthu zisanu ndi ziwiri zimene mayina ake m'Chiperisiya amayamba ndi lemba lomveka ngati S. Pamakhala adyo, apozi, viniga, zipatso zouma zotchedwa senjed, ndi zokometsera zofiira zowawasa zotchedwa somaq. Pamakhalanso samanu, phala lotsekemera la chimera cha tirigu. Ichi chinandiseketsa, chifukwa aliyense amene anafululapo thobwa akudziwa kuti chimera chimatsekemera chokha popanda shuga. Chachisanu ndi chiwiri ndi sabzeh, mbewu zomeretsedwa m'mbale mpaka zitabiriwira, zimene amakataya mumtsinje pa tsiku la 13. Pambali amaikapo kalilole, makandulo, mazira opaka mitundu ndi buku, ena Korani, ena ndakatulo za Hafez.

Koma ine maso anga anakodwa pa mbale. Adyo wamba, wa pamsika, atakhala m'mbale yabuluu ngati mfumu! Ndiye ndinatsata mbalezo mpaka ndinakafika ku Kashan.

Kashan ndi mzinda wa pakati pa Iran, umene m'zaka za m'ma 1200 unatchuka ndi zoumba, moti mpaka lero matailosi m'Chiperisiya amatchedwa kashi. Akuti dongo, koma dongo lenilenilo linali lochepa. Ankasinja nsangalabwi magawo 10, n'kusakaniza ndi gawo limodzi la galasi losinja ndi gawo limodzi la dongo loyera. Mbale inkatuluka yoyera ndi yopyapyala, yofuna kufanana ndi za ku China. Mtundu wabuluu unkachokera ku mwala wa cobalt wokumbidwa ku Qamsar, pafupi ndi mzindawo.

Luso lalikulu linali lowalitsa mbale ngati golide popanda golide. Mbale yowotchedwa kale ankailemba ndi mankhwala a siliva ndi mkuwa, n'kuibwezera mung'anjo ina ya moto wofatsa ndi utsi kwa masiku atatu. Ikazizira inkatuluka yakuda bii. Mmisiri ankaitikita ndi dothi lonyowa, ndipo mpamene kuwala kunkaonekera. Tangoganizani mtima wake pa nthawi imeneyo. Moto ukapyola pang'ono, ntchito ya milungu yapita.

Tikudziwa bwanji zonsezi, pomwe lusoli linali chinsinsi cha mabanja ochepa? N'chifukwa cha munthu mmodzi, Abu'l-Qasim, wa m'banja la oumba la Abu Tahir. Iyeyu sanatsatire ntchito ya makolo, anakhala mlembi wa mbiri kunyumba ya mafumu a Chimongoli amene ankalamulira Iran. Koma mu 1301 anakhala pansi n'kulemba miyala, miyezo, mamangidwe a ng'anjo, zonse. Patangopita zaka pafupifupi 40, ntchito ya mbale zowalazi inazilala ku Kashan. Zolemba zake zinatsala, ndipo oumba a masiku ano amazigwiritsabe ntchito.

Apa mpamene nkhaniyi inandilasa. Agogo anga aakazi anali oumba mbiya. Ankadziwa dambo la dongo labwino, ankasinja mapale akale n'kusakaniza kuti mbiya isang'aluke pamoto, ndipo panali makungwa a mtengo wina amene ankawaza madzi ake pambiya ikadali yamoto. Ine ndinali mwana wasukulu wa pabanjapo, woyamba kufika ku yunivesite. Pa holide ndinkawasenzera nkhuni, koma kope ndi cholembera zili m'chikwama. Ndinkaona ngati za mbiya si maphunziro. Zaka zonsezi ndaphunzitsa ana za Aigupto ndi Mesopotamiya, za agogo sindinalembe ngakhale mzere umodzi.

Dzulo ndinaimbira azakhali kumudzi kuwafunsa dzina la mtengo uja. Anaseka, amvekere, "Iwe, lero ndiye wakumbuka?" Anatchula mitengo iwiri, kenako anati mwina si imeneyo, akafunsa mayi wina wa kutsidya amene ankaumba ndi agogo, ngati akadali ndi nzeru zake. Loweruka ndikwera minibasi. Kope ndagula kale.