Ulendo wa ku Domwe ndi tcheni chokungika ngati ng'oma

Abale anga a m'midzi ya kuno ku malire, inu amene mumandimva pa wailesi m'mawa, lero ndabwera papepala ndi nkhani ya ulendo umene ndinayenda mwezi wa Ogasiti chaka cha 2023, kuchokera pa Ulongwe kupita ku mudzi wa kwawo kwa akazi anga, cha kuseri kwa phiri la Domwe. Unali ulendo wa ku chiliza cha apongozi anga aamuna. Za chilizazo tidzakamba tsiku lina. Lero ndifuna ndikuwuzeni za tcheni cha njinga yamoto, popeza chinatsala pang'ono kutigoneka m'tchire.

Mlamu wanga, mlongo wawo wa akazi anga, amagwira ntchito ku Joni. Chaka chimenecho sanabwere pa basi. Anabwera pa mota yakeyake, chinjinga chachitali chotchedwa Honda Africa Twin, cholemera makilo opitirira 200, cha mtundu uja mumawona azungu akudutsa nacho pa chipata cha Calomue atamangirira mabokosi uku ndi uku. Anadzera ku Beitbridge, Harare, nalowa m'dziko muno pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete, Moatize, Mussacama, mpaka pakhomo panga pa Ulongwe. Ndi makilomita opitirira 1,500 amenewo. Pofika, tcheni chinali chitakhwepa ndithu, chikumenya chitsulo kuti kwa! kwa! akamachepetsa moto.

Apa ndivomere, amene ndinalakwitsa ndine. Mlamu anafuna kuti ayambe wapuma, akonze yekha mawa lake. Ine ndinati, "Alamu, musavutike. Pamsika pali mnyamata wodziwa, amakonza ma mota onse a taxi." Tinapita. Mnyamatayo ntchito anagwira mwachangu, ndipo atatha anagogoda tchenicho ndi sipanala, chinalira ngati nsambo ya bangwe. Sichinkagwedera ngakhale pang'ono. Ine ndinakondwa, ndinamuwonjezeranso ya fanta. Mlamu anachiyang'ana kawiri koma sananene kanthu, poti munthu sutsutsa mwini khomo pamaso pa anthu.

M'mawa mwake tinamanga katundu: thumba la mpunga la makilo 25, shuga, mchere, chigubu cha mafuta ophikira, kuwonjezapo ife awiri, ndipo ine si munthu wochepa thupi. Amayi kumudzi ankadikira zimenezi kuti aphikire anthu tsiku lotsatira. Tinanyamuka dzuwa litakwera pang'ono, kukuzizirabe monga mudziwa Angonia m'miyezi imeneyi. Tinatenga msewu wopita ku Furancungo. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbuu, ng'ombe zikudya momwemo. M'madimba mokha ndi mmene munali mobiriwira, mbatatesi, kabichi ndi tomato. Ngolo tinakumana nazo zosawerengeka, zina za chimanga, zina za soya, anyamata ataimirira pamwamba ndi zikwapu. Kutsogolo phiri la Domwe linkangokula, phiri la mamita opitirira 2,000 limene pamwamba pake sipachedwa kuvala mtambo.

Pamsewu waukulu zonse zinali bwino, kungoti ndinkamva kakulira kena kochokera pansi, ngati udzudzu uli m'khutu. Mavuto anayamba titapatuka kulowa njira ya fumbi, ija yodyeka ndi magudumu a ngolo ndi madzi a dzinja. Njinga imeneyi anaipangira njira zotero, ndipo mlamu anali atandiwuza kuti pa mabampu imayenda ngati bwato. Koma tsikulo kumbuyo kunkagunda ngati takhala pa mtondo. Tikalowa m'dzenje, kulira kuja kunkakwera, njinga n'kumachita ngati wina waikoka kumbuyo. Mlamu anaima, nakhudza tcheni, nachotsa chala msanga. Chinali chitatentha.

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pa kamsika kena pamene pali chigayo ndi magolosale atatu. Pansi pa mtengo wa bulugamu panali mkulu wina wa imvi akumanga masipoko a njinga yakapalasa. Sanadikire kuti timufotokozere. Anati, "Ana anga, ndakumverani patali. Ndani wakumangirani tcheni chotere? Mukufuna kupha chinyama chabwinochi?"

Ndinayankha kuti, "Madala, ife timayesa tcheni chabwino ndi cholimba."

Anaseka, natiwuza kuti tikhale pansi. Anati umisiri anauphunzira ku Dedza m'zaka za nkhondo, ali wothawa, ndipo anabwerera kwawo mtendere wa 1992 utakhazikika. Kenaka anatola kamtengo ndi kachingwe, nayamba kutiphunzitsa pa dothi ngati ana a sukulu.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndikupemphani muimvetse chifukwa ikukhudza mota iliyonse. Wilo lakumbuyo limagwiridwa ndi mkono wachitsulo umene umakwera ndi kutsika. Mkono umenewu umapindikira pa bawuti yakeyake, kumbuyo pang'ono kwa sipuloketi yaing'ono ya ku injini, ija ena timati pinyau. Njinga ikaima yopanda munthu, mkonowo umaloza pansi, ndipo wilo limakhala litayandikira injini. Mukakwera anthu awiri ndi thumba, kapena mukagwa m'dzenje, mkono umakwera n'kuwongoka, wilo n'kutalikira, tcheni n'kukokeka. Tsono ngati munachikunga kale njinga ili chiimire, chitenga kuti malo otambasukira? Mphamvu yonseyo imathera pa beringi ya m'giya bokosi, pa labala yotseka oyilo, pa mano a masipuloketi ndi pa tcheni chenicheni, mpaka china mwa izi chigonje. Ndipo njinga ikakhala yaitali miyendo ngati ya mlamuyi, imene wilo lake lakumbuyo limatha kukwera ndi kutsika mamilimita 220, tcheni chimafuna mpata wochuluka kuposa cha mota zathu zazing'onozi.

Nditamva zimenezi thukuta linandituluka ngakhale kunali mphepo. Tcheni cha njinga imeneyi ndi cha nambala 525. Pamsika pathu ine ndimangowona za 428, za mota zazing'ono. Chikanaduka kumeneko, mpunga ukanafika pa ngolo chiliza chitatha, njinga ikanagona m'mudzi masabata, ndipo mlamu anali ndi masiku owerengeka kuti abwerere ku ntchito. Osanenanso kuti tcheni chikaduka pa liwiro chimatha kuswa injini kapena kukola wilo, anthu n'kugwa.

Mkuluyo anafunsa ngati njingayo ili ndi buku lake. Mlamu analitulutsa pansi pa mpando. Munalembedwa kuti tcheni chizigwedera mamilimita 35 mpaka 45. Lula panalibe, koma madala aja anatulutsa bokosi la machesi, nati m'mimba mwake ndi pafupifupi 35, tsono tifune bokosi limodzi ndi kachidutswa.

Tinatsitsa katundu yense. Injini inazimitsidwa, giya pa fili, njinga itatsamira pa mwendo wake wa m'mbali. Poyeza anagwira tcheni cha m'munsi, pakatikati pa masipuloketi awiri, nachikankhira m'mwamba ndi pansi ndi chala. Sanayeze malo amodzi. Anatiwuza tikankhe njinga pang'ono, nayeza, tikankhenso, nayezanso, mpaka tcheni chonse chinazungulira. Anati tcheni sichikutha mofanana, pamakhala pena polimba pena pokhwepa, ndipo muyeso umatengedwa pamene palimbitsitsa. Mukatengera pokhwepa, polimba paja padzakhala pothina kwambiri.

Kenaka anamasula nati yaikulu ya chitsulo chopyola pakati pa wilo, osaichotsa, kungoifewetsa. Kumapeto kwa mkono uja, mbali zonse ziwiri, kuli timabawuti tosunthira wilo, kalikonse ndi nati yake yotsekera. Anamasula zotsekerazo, nabweza kabawuti ka kumanzere pang'ono, ka kumanja chimodzimodzi, namenya tayala ndi chikhatho kuti wilo lisunthire kutsogolo. Apa ndi pamene anachedwapo kwambiri. Ankapotoza pang'ono, kuyeza, kuzungulira njinga kukawerenga timizere tolembedwa pa chitsulo mbali inayo, kubweranso. Ine mtima unali pa dzuwa limene linali litapendeka, ndipo ndinati, "Madala, kwatsala kutali." Anandiyankha osandiyang'ana: "Bambo a pa wailesi, timizereti tikasiyana wilo liyenda chammbali ngati galu, ndipo mano a sipuloketi adyeka mbali imodzi. Khalani pansi."

Ndinakhala pansi.

Timizere titafanana, anatenga kansanza, nakaika pakati pa tcheni ndi sipuloketi yaikulu, nazunguza wilo pang'ono kuti kapanike. Anati zikatero wilo limakokeka n'kutsamira bwino pa timabawuti tija pamene ukumanga. Anamanga nati yaikulu mwamphamvu, namanga zotsekera, nachotsa kansanza, nayezanso kachiwiri, chifukwa pomanga muyeso umatha kusintha. Pomaliza anatikweza tonse awiri ndi thumba lomwe, iye atagwada pambali, nagwedeza tcheni. Chinali chikadali ndi kampata. Anagwedeza mutu kuti basi.

Panachitikanso kanthu kena koseketsa kamene kangapweteke munthu wa kuno, ife a zilankhulo ziwiri. Tcheni chinali chitadzaza fumbi, ndipo mkuluyo anatuma mdzukulu wake kuti akatenge "petroliyo" yotsukira. Mlamu analumpha: "Ayi madala, petulo ayi! Muwononga timalabala!" Zowonadi, tcheni cha njinga zikuluzikuluzi chili ndi timalabala tating'ono pa mfundo iliyonse, totsekera girisi m'kati, ndipo petulo amatiwononga. Koma mwana anabwera ndi botolo la palafini wa nyale. Pa Chipwitikizi petróleo ndi palafini, pamene petulo wa anzathu a ku Malawi ife timati gazolina. Mlamu zaka za ku Joni zinali zitamuiwalitsa. Tinaseka mpaka a m'chigayo anatuluka kudzawona. Anatsuka ndi palafiniyo ndi kaburashi kofewa, napukuta, nadontheza oyilo wa giya pang'ono m'kati mwa tcheni, napukutanso wotsala. Oyilo wakuda wokhetsa mu injini anati sagwiritsa, ndipo wochuluka amangoitana mchenga umene umapera tcheni ngati mphero.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mulibe chinjinga ngati chimenechi. Muli ndi mota zazing'ono zimene mumanyamulira matumba a mbatatesi kupita nawo ku misika ya m'malire, kapena odwala kupita nawo ku chipatala. Zambiri mwa izo zimafuna mpata wa mamilimita 20 kapena 30, koma wonani buku kapena kapepala komata pa njinga yanu. Popeza mumasenzetsa katundu woposa wathu uja, nkhani ya kukunga tcheni ikukukhudzani kuposa mlamu wanga. Ndinafunsa mkuluyo za mota zoterezi ali kusamba m'manja. Anati chimene anyamata amaiwala ndi buleki: pa mota za buleki ya ndodo, ukasuntha wilo uyenera kusinthanso nati ya ndodoyo, apo ayi buleki imagwira yokha kapena osagwira n'komwe. Anatinso ukakoka tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu n'kuwona dzino lopitirira theka, kapena mano akasongoka n'kupindika ngati minga ya kankhande, tchenicho chatha, ndipo kudula mfundo kuti chifupike n'kudzinamiza. Ugule tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi, poti chatsopano pa mano akale sichikhalitsa. Ndipo kaloko ka pa mfundo yolumikizira, mbali yake yotseka iziloza kumene tcheni chikupita.

Atatero anandiwonetsa dzanja lake lamanzere. Chala chamkombaphala chinali chachifupi. Anati anachidula ali mnyamata, akupukuta tcheni ndi nsanza injini ikulira.

Pa malipiro tinalimbana. Iye anatchula ndalama yochepa, nati tingapereke metikali kapena kwacha, zonse zimayenda pamenepo. Mlamu anawonjezera, ine ndinatapa shuga paketi imodzi pa katundu wa chiliza, ndipo mpaka lero apongozi anga aakazi sadziwa kuti anasowa bwanji.

Njira yotsalayo inali yoipa kuposa ya poyamba. Tinatsika chigwa cha miyala, tinawoloka kamtsinje pa mitengo yoyala, tinakwera chitunda chimene ine ndinafuna kutsika kuti ndiyende pansi. Koma njinga inali itasanduka ina. Kulira kuja kunatha, ndipo m'maenje inkangomira n'kudzuka mofewa, bwato lija mlamu ankanena. Tinalowa m'mudzi ng'ombe zikubwerera ku khola, ana akuthamangira kumbuyo kwathu, amayi atayatsa kale moto pansi pa miphika yopanda kanthu.

Nditabwerera pa Ulongwe ndinapita kwa mnyamata uja wa pamsika, ndi bokosi la machesi m'thumba. Sindinapite kukakangana, popeza ndine ndinamuyamikira tsiku lija. Ndinamujambulira pa dothi monga anachitira madala aja. Anamvetsera bwino, nati wamva. Kenaka anandiwuza kuti vuto lake ndi eni njinga: akawasiyira mpata amabwerera n'kumati sanamange, ndipo ena amakana kulipira. Pamene tinkalankhula panafika wa taxi wina, matumba awiri a fetereza ali kumbuyo, nati, "Ase, tandikungire tcheni, chilimbe kwambiri." Mnyamatayo anandiyang'ana, ine ndinamupatsa bokosi lija.