Misana ya m'banja mwathu

Pamene ndinkakula, m'zaka za m'ma 1970, kupweteka kwa msana sikunkawerengedwa ngati matenda. Kunkabwera ndi ukulu basi. Amayi ankadzuka pamphasa atagwira m'chiuno, n'kuyenda chowerama mpaka dzuwa liwombe, kenako n'kunyamula khasu. Ankangoti ndi nyamakazi. Ululu ukanyanya, ankaitana mkulu wina wa m'mudzi kudzawatema mphini m'munsi mwa msana ndi kupakamo mankhwala akuda. Panalibe amene ankafunsa za mpini waufupi wa khasu, kapena za ndowa ya malita 20, yomwe ndi makilogalamu 20 pamutu, m'mawa ndi madzulo kwa moyo wonse.

Amene anali ndi mwayi wofika kuchipatala ankapatsidwa lamulo limodzi: kagoneni. Amalume, omwe ankayendetsa lole, anauzidwa kugona chagada pamalo olimba kwa milungu ingapo. Tinazula chitseko n'kuwayalira. Atadzuka, miyendo inali itawonda, msana utauma kuposa kale, ndipo ntchito anali atapatsa wina. Madokotala aja sanali osadziwa ntchito. Dziko lonse linkachiza choncho. Mu 1986 Richard Deyo ndi anzake ku America anayerekeza odwala msana ogonekedwa masiku 2 ndi ogonekedwa masiku 7. Anapeza kuti kugona nthawi yaitali sikunkachiza msanga, kunkangowonjezera masiku ojomba kuntchito. Mu 1995 kafukufuku wa ku Finland anasonyeza kuti opitiriza ntchito zawo za tsiku ndi tsiku, monga ululu unkawalolera, ankachira msanga kuposa ogonekedwa. Nkhaniyi inatenga zaka kuti ifike kwa ife.

Wanga msana unayamba kudandaula nditapitirira zaka 50, nditatha theka la moyo wanga ndikulemba pabolodi ndi kuchonga makope usiku. Khosi linkauma, m'chiuno munkawawa ndikakhala nthawi yaitali. Anandijambula X-ray, ndipo papepala panalembedwa kuti spondylosis. Kunena zoona ndinachita mantha. Ndinkadziona ndili panjinga ya olumala. Ndinasiya kupalasa njinga, ndinasiya kudimba, ndinagula lamba womanga m'chiuno, ndipo ululu unakulirakulira.

Amene anandimasula anali mtsikana wa physiotherapy, wamng'ono kuposa ana ena amene ndinawaphunzitsa. Anatenga msana wapulasitiki n'kundisonyeza. Msana uli ndi mafupa 33 osanjikizana: 7 m'khosi, 12 pomwe pamagwira nthiti, 5 m'chiuno, ndipo otsalawo ndi olumikizana m'munsi. Pakati pa mafupa oyendawo pali timapilo tofewa tokhala ndi madzi ambiri, tomwe madokotala amati ma disc. Munthu akamakula, timapiloti timauma ndi kuphwa, mfundo zing'onozing'ono za kumbuyo zimaperepeseka, ndipo m'mphepete mwa mafupa mumamera timinyanga. Spondylosis ndi imeneyo. "Bambo," anatero, "tikajambula anzanu onse a msinkhu wanu, ambiri tiwapeza nazo zimenezi, ndipo ambiri mwa iwo sakumva ululu uliwonse."

Pambuyo pake ndinawerenga ndekha kuti ankanena zoona. Kafukufuku wa mu 2015, amene anasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu osamva ululu, anapeza kuti timapiloti tinali titayamba kutha mwa anthu 37 pa 100 alionse a zaka 20, ndi mwa 96 pa 100 alionse a zaka 80. Apa ndi pamene ndimaima ndi kulingalira. M'badwo wa amayi unkavutika chifukwa unalibe choonera m'kati mwa thupi. Ife tinapeza choonera, pakuti makina oyamba a MRI m'Malawi anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, koma ambiri chithunzi chatidwalitsa kuposa msana weniweniwo. Ndikudziwa anthu amene anasiya kuwerama n'komwe atangowerenga pepala lawo. Msana wosagwiritsidwa ntchito umafooka, ndipo wofooka umapweteka msanga.

Mtsikana uja anandilanda lamba. Anandipatsa zolimbitsa minofu ya pamimba ndi ya kumsana, anandiuza kuyenda wapansi tsiku lililonse ndi kudzuka pampando pafupipafupi. Mafupa anga sanabwerere mwakale, ndipo sadzabwerera, koma ndinabwerera kudimba. Mu December 2023, bungwe la WHO linatulutsa malangizo a ululu wa msana wokhalitsa, ndipo akunena zomwezo: kuphunzitsa wodwala, masewero olimbitsa thupi, osati malamba, kukoka msana ndi makina, kapena mankhwala amphamvu a gulu la morphine. Bungwelo limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lapansi anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana.

Komabe "musagone, yendani" si yankho la msana uliwonse, ndipo izi ndinaziona pa mphwanga. Mnyamatayu ali ndi zaka 15 ankasewera mpira tsiku ndi tsiku, ndipo anayamba kumva kuwawa mbali imodzi ya chiuno, makamaka akapindikira chambuyo. Akapuma kunkaleka, akabwerera pabwalo kunkayambiranso. Mayi ake ankati mwana sadwala msana, ndi ulesi wothawa kumunda. Zithunzi zinasonyeza spondylolysis, matenda osiyana kotheratu ndi anga. Kumbuyo kwa fupa lililonse la msana kuli kamlatho kopyapyala, ndipo mwa mwana amene akukula kamlathoka kamatha kung'aluka chifukwa chopindidwa mobwerezabwereza, monga waya wopangira galimoto ya ana amathyokera ukamaupinda pamalo amodzi. Nthawi zambiri zimachitika pa fupa lachisanu la m'chiuno, lotchedwa L5. Kakang'aluka mbali zonse ziwiri, fupalo limatha kutsetserekera kutsogolo, zomwe amazitcha spondylolisthesis. Kwa iye mankhwala anali kusiya mpira miyezi ingapo, kenako kulimbitsa minofu ndi kubwerera pang'onopang'ono. Ana ambiri otere amachira popanda opaleshoni, ndipo naye anachira. Akadabadwa nthawi yanga, akadatemedwa mphini n'kubwezedwa kubwalo.

Anthu odziwa kusiyanitsa zinthuzi sanagwe kumwamba. Mu 1985 Dr Ed Blair anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a za mafupa, omwe mpaka lero ndi amene amasamalira mafupa m'zipatala za m'maboma. Chipatala cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ndipo College of Medicine inayamba kuphunzitsa digiri ya physiotherapy mu 2010. Ndimanyadira zimenezi. Koma akatswiriwa ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'matauni.

Kumudzi, mlongo wanga amachiza msana wake ndi indocid ndi brufen za pagolosale, nthawi zina ziwiriziwiri m'mimba mopanda kanthu. Mapiritsiwa amathandiza akamwedwa kwa masiku ochepa, koma kumwa miyezi ndi miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amabisa ululu umene ukufunika dokotala mwachangu. Nditapita kukamuona ndinamulembera pakhoma, pafupi ndi kalendala, zizindikiro zoti akaziona pa iye kapena pa mnansi asadikire: miyendo kufooka kapena kukokera, dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumatako, mkodzo kapena chimbudzi kutuluka chokha kapena mkodzo kukana kutuluka. Zimenezi zimasonyeza kuti mitsempha yapanikizika, ndipo ndi za tsiku lomwelo. Ndinawonjezerapo ululu wosaleka ngakhale usiku, wobwera ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, chifukwa kwathu kuno chifuwa chachikulu chimalowanso m'mafupa a msana. Chimadya fupa mpaka liphwanyike, munthu n'kutuluka linunda kapena kufa miyendo. Chikapezeka msanga chimachizika ndi mankhwala a TB, omwe m'zipatala za boma ndi aulere, ngakhale kuti a TB ya msana amamwedwa nthawi yaitali kuposa a TB ya m'mapapo.