Chisoni Chimakhala M'khosi

Masiku ano kuli anyamata amene amatola mtengo uliwonse woyera, kuusema mothamanga, kuupaka polishi wakuda wa nsapato, n'kumauza alendo kuti ndi mphingo. Mukawapeza paliponse pamene pamayalidwa ziboliboli, kaya mu Lilongwe, kaya m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay. Bodza lawolo silivuta kuligwira, chifukwa mphingo weniweni ndi wolemera moti umamira m'madzi, pamene chawocho ukachinyamula chimangoti pepu. Chimene chimandiwawa ine ndi nkhope. Amandanda amayi osenza mitsuko mzere wonse, koma onse nkhope imodzi: maso otong'oka, milomo yofanana, khosi lowongoka ngati munsi. Uyu akuti ndi mayi wosangalala, uyo akuti ndi wamasiye, koma mutawasinthanitsa ngakhale mwini wakeyo sangazindikire. Ndiye mlendo akachoka kumeneko amafika pa ine n'kumandifunsa chifukwa chake changa chikudula chonchi.

Ine ndimasema anthu. Njovu, mvuu ndi mipando ya mfumu ndimasema pakhomo pakasowa ufa, koma ntchito yanga yeniyeni ndi munthu. Za kudula mtengo, kuuumitsa pamthunzi ndi kuupala ndi kasemasema sindikambapo. Mwana aliyense wokulira kwathu ku Mtakataka amazidziwa.

Anandiphunzitsa ndi amalume anga, alongo awo a mayi. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda fodya wa chingambwe, ndipo sankayamikira ntchito ya munthu pamaso pake. Ndinakhala nthawi yaitali ndikungonola zipangizo ndi kukwecha ndi sandipepa asanandilole kugwira tchizelo, ndipo atandilola anandipatsa manja ndi mapazi okha. Nkhope ankasema okha, atakhala pakhomo pa shedi, chiboliboli atachipana ndi mawondo. Koma sukulu yawo yeniyeni inali kumaliro. Tikamabwerera kumanda ankandifunsa m'njira: "Mphwanga, waonako chiyani?" Ndikayamba kunena za amayi amene amalira mokweza m'nyumba ya siwa, ankapukusa mutu. "Amenewo wawamva ndi makutu. Mtengo ulibe mawu. Ndikufunsa amene wawaona ndi maso." Ankafuna ndiwauze za agogo amene anangokhala chete kuseri kwa nkhokwe: mutu unapendekera mbali iti, mapewa anagwa motani, manja anali pati. Ndi iwo anandionetsa kuti manja a munthu woferedwa kawirikawiri amangogona pamiyendo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, zala zitatseguka pang'ono, osagwira kanthu. Ku ukwati, kumilandu kwa amfumu, ngakhale pachigayo, funso linali lomwelo. Mawu awo anali akuti chisoni chimakhala m'khosi, nkhope imangovomereza. Tsiku limene anandipatsa nkhope yoyamba sanalankhule chilichonse. Anangondisunthira chipika ndi phazi n'kupita kudimba.

Khosi ndiye pamene pagona ntchito. Mutu ukawerama molunjika kutsogolo, munthuyo akuoneka wamanyazi kapena wopemphera. Ukawerama n'kupendekera pang'ono kumbali, phewa limodzi litatsika kuposa linzake, ndiye wasweka mtima. Ukapendekera mopitirira, wasanduka woledzera. Zonsezi uyenera kuzisankha mtengo ukadali chipika, chifukwa chimene wachotsa sungachibwezerepo. Palinso vuto la mitsempha ya mtengo. Khosi lopendekera limadula mitsemphayo mopingasa, ndipo pamenepo m'pamene chiboliboli chimadzathyokera. N'chifukwa chake ndimafunafuna chipika chokhota kale, kapena cha pamphanda, kuti kupindika kwa khosi kutsate mmene mtengowo unakulira. Zipika zotere ocheka matabwa amazitaya, koma kwa ine ndi chuma.

Ndikafika pa maso ndimatseka wailesi. Sindiboola kadontho pakati pa diso monga amachitira ena, popeza diso lotero limangotuzuka osaona kanthu. Chimene chimapatsa diso moyo ndi mthunzi. Chikope cha pamwamba ndimachisiya chokhuthala, kenako ndimalowetsa kampeni kansonga pansi pake n'kukumba chokweza m'kati, kuti kuwala kukagwa kuchokera kumwamba pakhale kamdima. Kamdima kameneko ndi kamene wopenya amati chiboliboli chikundiyang'ana. Nsidze nazo zili ndi lamulo lake. Mbali ya kufupi ndi mphuno ikakwera, munthuyo akudandaula kapena akuchonderera. Ikatsika n'kukumana ndi inzake, wakwiya. Kusiyana kwake sikuposa kukhuthala kwa chikhadabo, ndipo kukwecha kumodzi kosasamala ndi sandipepa kungasandutse mayi wolira kukhala mayi wokalipa. Pakamwa sindipakhotetsera pansi mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ndimaigwetsa, inayo ndimaisiya yolimba, chifukwa munthu wamkulu akamamva ululu amakhala akudziletsa, ndipo kudziletsako ndi kumene kumakhudza woonera. Nkhope yofanana ndendende kumanja ndi kumanzere ndi ya chidole cha m'sitolo. Ntchito imeneyi ndimaigwira m'mawa, dzuwa likulowa chammbali pakhomo. Dzuwa la paliwombo limanama. Ndikaona ngati ndamaliza, ndimadikira usiku n'kuzungulitsa nyali ya koloboyi pamaso pake, kuti ndione ngati nkhopeyo ikunenabe zomwe inkanena m'mawa.

Alendo amakonda mphingo, koma pa nkhope ine ndimasankha mlombwa. Mphingo ndi wakuda kale, ndiye mthunzi umene wavutika kuukumba umasowa m'kudako. Pa mphingo mtima wa munthu uyenera kuonekera pa kaimidwe ka thupi lonse ndi pamene pakunyezimira. M'bawa ndi wofewa bwino kusema, koma pa tinthu tating'ono monga chikope umathetheka. Mlombwa ndi wina. Ukaudula umatulutsa utomoni wofiira, ukauma umakhala wofiirira ndi mizere yagolide, ndipo sukhota kapena kung'aluka msanga. Umalandira mpeni mbali iliyonse, umagwira mthunzi, ndipo mtundu wake uli pafupi ndi khungu la munthu. Ukaika mizere yake bwino, imatsika kuchokera pansi pa diso kudutsa patsaya, n'kukoka nkhope yonse kupita pansi popanda iwe kudulapo kanthu. Fungo lake lokha likatuluka pa tchizelo ndimakumbuka shedi ya amalume.

Amene akufuna kuona kuti izi si zanga ndekha apite ku Mua, kumene a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902. Kumeneko Bambo Claude Boucher Chisale a ku Canada anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni mu 1976, ndipo kwadutsa osema ambiri a dera lathu. Mu Chamare Museum, pa KuNgoni pomwepo, muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Za kudambwe sizikambidwa pagulu ndipo sindizikamba. Ndikunena zimene aliyense amaona pabwalo. Taonani Chadzunda, nkhope yakuda yamakwinya ndi mano oguluka. Akamalowa akutsimphina, mutu uli pansi, mumaona nkhalamba yotheratu. Ng'oma zikakolera n'kudzutsa chibwano, mumaona mfumu yoopsa. Nkhope ndi yomweyo, chasintha ndi khosi. Makolo athu ankadziwa zimenezi kalekale, UNESCO isanalemekeze guleyu mu 2005.

Komiti ya tchalitchi china inandipatsa ntchito yosema Amayi Maria atanyamula mtembo wa Mwana wawo. Chibolibolicho ndinachisema mu mlombwa, manja a Maria ndinawasiya otseguka pansi pa mtembowo. Atabwera kudzatenga, atcheyamani anazungulira kawiri n'kunena kuti: "Amisiri, ntchito ndi yabwino, koma misozi ili kuti? Muikepo misozi, mupakenso vanishi kuti chiziwala." Ndinati: "Atcheyamani, mundikhululukire, zimenezo sindichita." Msozi wa mtengo umaoneka ngati chotupa patsaya, ndipo vanishi amalowa m'mithunzi yonse n'kuiwalitsa, diso n'kufa. Ine ndimapaka phula la njuchi, pang'ono chabe, masaya okha ndi amene ndimasalaza, nsalu ndimaisiya ndi mapazi a tchizelo kuti khungu lioneke lofewa pafupi nayo. Anatithandiza ndi mayi wina wachikulire wa m'komitimo, amene nthawi yonseyi anali chete. Anati: "Chisiyeni momwemo, bambo. Mayi ameneyu misozi inamuthera." Anachitenga, koma ndalama zotsala ndinachita kuzilondola miyezi ingapo.

Ndalama ndiye nkhani ina. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sandipepa, matchizelo ndi thiransipoti zonse zinakwera, koma wogula akubwerabe ndi ndalama za kale. Mlombwa wokhwima ukusowa chifukwa cha makala ndi matabwa. Mphingo umatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ukhwime, kunja amaufuna popangira zitoliro za clarinet ndi oboe, ndipo kuyambira mu 2017 uli pa mndandanda wa CITES wa mitengo yoyang'aniridwa pa malonda a pakati pa mayiko. Wogula zonsezi sazimva. Amayeza chiboliboli ndi chikhatho, kutalika kwake, n'kunena kuti chaching'ono chotere sichingadule choncho. Ena amafuna ndisinthe nkhope kuti izimwetulira, ati ya chisoni siyenera pabalaza. Thupi lonse, nsalu ndi mapazi ndingazimalize msanga, koma nkhope yosaposa dzanja la mwana imandidyera nthawi yochuluka kuposa zonsezo. Choncho masiku ano ndikamatchula ndalama, thupi ndimawerengera palokha, nkhope payokha, ndipo ya nkhopeyo sindichotserapo ngakhale tambala.