Loweruka pa Bwalo la Mpira ku Mandimba

Loweruka m'mamawa, akabaza akamathamangira ku chipata cha Chiponde m'malire a Mozambique ndi Malawi, pa bwalo lafumbi la ku Mandimba pamakhala anyamata akuthira phulusa m'mizere ndi kudzika nsungwi za pagolo. Kochi, amene nthawi zambiri salandira ngakhale metikali imodzi, amawerenga osewera ake n'kupeza kuti sakukwana. Goloboyi ali kuchigafa kusoka fodya, womwetsa zigoli watumidwa kumsika ndi beseni la mandasi, ndipo atsikana amene ankasewera chaka chatha auzidwa kuti akula, azikhala pakhomo. Mpira usanayambe n'komwe, makolo asankha kale timu. Sitinganene kuti alakwa kufuna thandizo la mwana, pakuti kuno banja limadya thukuta la manja onse. Koma masewero amatenga maola awiri okha pa sabata, ndipo kholo limene lapangana ndi kochi za nthawi silitaya fodya kapena mwana. Chimene chimapha timu si ntchito ayi, koma kuletsa mwana mwadzidzidzi anzake akumudikira.

Dzuwa likafika paliwombo, lole imatsitsa alendo ochokera ku Massangulo m'boma la Ngauma, kapena ku Cuamba kudzera mumsewu wa N13. Apa timaona ubwino wa makolo: mafuta a loleyo asonkha ndi iwo, majezi achapa ndi amayi, ndipo chidebe cha madzi chasenzedwa kuchokera kumjigo. Popanda iwo ulendo sukanatheka. Nawonso katswiri wa mpira Eusébio, amene anabadwa mu 1942 n'kukulira ku Mafalala m'dziko la Mozambique akumenya mpira wachikulunga wopanda nsapato, anapita ku Benfica ku Lisbon mu 1960 mayi ake a Elisa atavomera, bambo ake atamwalira kale. Ndi ana ochepa amene adzafike pamenepo, koma aliyense amafuna chilolezo chonga chimenecho kuti asewere ndi mtima umodzi.

Cha m'ma 3 koloko bwalo ladzaza, ogulitsa nzimbe ndi chinangwa chootcha azungulira, ndipo Chiyao, Chimakuwa, Chinyanja ndi Chipwitikizi zikumveka pamodzi. Apa ndi pamene chikondi chimasokonekera. Kamnyamata kaphonya chigoli, ndipo m'malo mothamangira mpira kakucheukira kumzere kumene bambo ake akukuwa kuti, "Iwe, ukundichititsa manyazi!" Kuyambira pamenepo sikafunanso mpira, ukabwera kamangoutaya msanga. Bambo wina akulamula mwana wake kuti asapatsire mnzake, pomwe kochi wanena kuti apatsirane, ndipo mwanayo sadziwa womvera. Ena amati kukalipa kumalimbitsa mwana, poti mpira si wa amantha. N'zoona kuti mwana ayenera kudzudzulidwa, koma chidzudzulo chimaphunzitsa chikanena chimene chalakwika ndi mmene angachikonzere. Kunyozedwa pagulu kumangomuphunzitsa kuopa kulakwa, ndipo woopa kulakwa sayesa chenga chatsopano. Choipa koposa ndi pamene akuluakulu abetcherana ndalama, kapena abisa zaka za mnyamata wandevu kuti asewere ndi ana. Timu ikhoza kupambana, koma ana aona ndi maso awo kuti bodza limalipira.

Madzulo wezulo yomaliza ikalira, makolo ena amazinga refala, amene kawirikawiri ndi mnyamata wongodzipereka, ndipo ana amaima chapafupi kumvetsera mawu onse. Mkangano wotere umachititsa kuti alendo asabwerenso, ndiye otaya ndi ana a mbali zonse ziwiri. Yankho si kuthamangitsa makolo pabwalo, chifukwa timu yopanda makolo imatha mvula isanagwe. Chofunika n'chakuti makolo akhale pansi ndi kochi nyengo isanayambe, agwirizane masiku a masewero, anene zaka zenizeni za ana, alole atsikana kusewera, ndipo asiye malangizo kwa kochi ndi chigamulo kwa refala. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kholo limene laombera m'manja mwana wa ku Ngauma atagoletsa bwino, n'kufunsa wake ngati wasangalala lisanafunse zigoli, lathandiza timu kuposa amene wagula mpira watsopano.